Beseni Limene Anandiletsa Kusenza

Dzina langa ndine Esinati, ndipo kwathu ku Senga Bay amandidziwira pa usipa. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikulawirira kugombe kukapikula usipa kwa asodzi, kuuyanika pathandala, ukauma n'kuusenza m'beseni kukagulitsa. Mutu wangawu unasenza zambiri, ndipo sindibisa, ndinkanyada nawo. Ndinkatha kuyenda ndi beseni lodzaza osaligwira n'komwe, uku ndikucheuka kuyankha moni wa anthu.

Khosi linayamba ngati zocheza. Poyamba ndinkati ndagonera mbali imodzi. Kenako kucheuka kunavuta, moti wina akandiitana kumbuyo ndinkatembenuka thupi lonse ngati ngolo. Madzi m'kapu sindinkamaliza chifukwa omalizira amafuna kuti mutu upite m'mbuyo. Zovala pachingwe ndinkayanika mopapasa. Ndikaweramira thandala kuti ndisankhe usipa, china chake chinkandiyenda msana wonse ngati ndakhudza waya wa magetsi. Zonsezi ndinkapirira. Chimene chinandiopsa ndi zala. Zinayamba kuchita dzanzi, makapu akungondipulumuka, mpaka tsiku lina ndinalephera kumanga mfundo ya chitenje changa.

Kuchipatala ku Salima anandijambula nati mafupa a m'khosi aperepeseka ndipo akufinya mtsempha waukulu umene umayendetsa manja ndi miyendo. Anandipatsa chomangira khosi cholimba chija amati kolala, ndi kalata yoti Lachiwiri m'mawa ndikaonane ndi madokotala a msana ku Blantyre. Ndikutuluka, dokotalayo anandibweza pakhomo.

"Mayi, pamutu panupo pasadzakhalenso kanthu, ngakhale ndowa yopanda madzi. Mukasenza, kapena khosilo likagwedezeka molakwika, manja awa akhoza kufa osadzukanso."

Amuna anga, a Banda, amasamalira maluwa pa loji ina konkuno. Ndalama yoyendera anthu awiri panalibe, ndiye tinagwirizana kuti ndipite ndekha, mlamu wanga, mkazi wa achimwene anga a ku Ndirande, akandichingamire ku depoti. Mkangano unabuka pa usipa. Ine ndinadzaza beseni langa lalikulu n'kulimanga ndi chiguduli pamwamba. A Banda anandifunsa ngati ndikupita kuchipatala kapena kumsika. Ndinawayankha kuti munthu wochokera kunyanja safika pakhomo pa mlamu wake chimanjamanja, angamuseke mpaka adzukulu. Iwo anati nsomba ku Blantyre amagulitsa, ine ndinati za ku Blantyre si za kwathu. Amandidziwa kuti ndikaumirira chinthu sindibwerera, choncho anagonja, koma anandilumbiritsa kuti beseni akweza okha m'galimoto, kukatsitsa akatsitse alamu, mutu wanga usalikhudze.

Tinanyamuka Lolemba m'mamawa, mvula itagwa usiku wonse. Pa depoti ya Salima a Banda analimbana ndi kondakitala mpaka anandipezera mpando wa kuseri kwa dalaivala, poti kumeneko sikudumpha kwambiri. Analimbananso naye pa mtengo wa beseni, kondakitala akuti usipa nawo ndi pasinjala. Atatha zonsezo anandikonza kolala pakhosi, n'kundisiya kuti athamangire kuntchito.

Oitanira ankalumbira kuti watsala munthu mmodzi kuti tinyamuke. M'minibasimo munkaonekadi modzaza, koma akakwera munthu weniweni, wina mwa okhalamo ankatsika mwakachetechete n'kukakhala m'minibasi ina. Tinakhala choncho maola atatu. Kutentha kwa ku Salima mvula ikakata mumakudziwa. Kolala inanyowa ndi thukuta, ikundiluma pachibwano, ndipo aliyense wokwera ankayamba wandiyang'ana kenako n'kufunsa kuti ngoziyo inachitikira pati. Mayi wina wogulitsa mandasi anaima pawindo akupukusa mutu ngati waona maliro. Zinandikwana. Ndinaivula n'kuiponya m'chikwama, pakhosi n'kukulungapo mpango. Ndinadziuza kuti ndingokhala njo osagwedezeka, ndikavala tikayandikira Blantyre. Akulu anati manyazi anapha lambe, koma tsiku limenelo mwambiwo sindinaukumbuke.

Pa Chipoka tinaima kuti atsike awiri. M'malo mwawo munakwera mayi wina ndi thumba la mpunga, n'kukhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Sindinamuone nkhope, ndinangomva mawu, ndipo mawuwo anali okwana minibasi yonse. Kondakitala ankamutchula kuti Abiti Jafali. Tisanatuluke m'Chipoka tonse tinali titadziwa kuti akupita ku Lunzu kwa mwana wawo wamkazi amene wangobereka kumene mwana woyamba.

Anapereka moni kwa aliyense, n'kufika kwa ine. Ndinayankha bwinobwino, koma maso ali kutsogolo. Anafunsa ngati usipa ukununkhirawo ndi wanga, ndinati eya, maso ali kutsogolo. Anafunsa kumene ndikuchokera, ndinawauza. Patapita kanthawi anandigwira paphewa kuti ndilandire chinangwa chophika. Kucheuka sindikanatha, ndipo zala zanga zikanangochigwetsa, choncho ndinangokweza dzanja n'kunena kuti zikomo ndadya kale.

Basi pamenepo ndinawaputa. Anayamba kuuza mnzawo wa pampando, mokweza kuti ndimve, kuti anthu a ku Senga Bay kukhala pafupi ndi azungu a m'maloji kunawaumitsa makosi, masiku ano moni amayankhira kunkhongo. Anati chinangwa cha ku Chipoka n'chonyozeka kwa anthu odya soseji. Anthu anaseka, dalaivala ndiye mpaka kumenya chiwongolero. Ine pakamwa panga sipagona, kumsika amandidziwa, koma kuti ndiyankhe ndinayenera kuulula kuti ndikudwala, ndipo zimenezo ndi zomwe ndinkathawa.

Za m'njira musandifunse. Ena ankaonetsana madzi atadzaza m'minda ya mpunga, ena mitambo itakuta mapiri a ku Dedza. Ine kuyambira Chipoka, Mtakataka mpaka Golomoti ndinaona nkhongo ya dalaivala ndi msewu basi. Dzenje lililonse linkandifika m'zala.

Pa Golomoti tinamva zoti kutsogolo mtsinje wina wadya dothi la m'mphepete mwa mlatho, galimoto sizikuwoloka. Dalaivala anaimba foni nati palibe vuto, mnzake ali tsidya linalo, angosinthana anthu. Titafika tinapeza mzere wa malole ndi maminibasi, anthu ali mbwee pansi pa mitengo. Pakati pa msewu ndi mlatho panali phompho, ndipo anthu a m'mudzimo anali atayalapo matabwa. Apolisi anati tidikire madzi atsike kaye. Tinadikira kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka. Msika unabadwa pomwepo, wa chimanga chootcha, nthochi ndi mazira owiritsa. Ine ndinakhala pamwala pafupi ndi beseni langa limene kondakitala anatsitsa, mtima uli pa kalata ya Lachiwiri ija.

Atalola kuti tiwoloke, kunali piringupiringu. Kondakitala ankakuwa kuti minibasi ya tsidya sidikira munthu. Panali amuna ena onyamulira anthu katundu molipiritsa, koma onse anali atatengedwa ndi a matumba. Komanso ndinene zoona, ine Esinati kulipira munthu kuti andinyamulire beseni limodzi, mtima unakana. Ndinayesa kulikweza ndi manja, linandipulumuka. Ndinayesa kulikoka, chiguduli chinayamba kumasuka. Poti ndizindikire, manja anga anali atapota kale chitenje kukhala nkhata, monga achitira m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezi. Ndinayang'ana mtunda wake, unali ngati kuchoka pathandala langa kufika pamsewu. Ndinati ndi apa pokha, dokotala sakaona.

Pafupi panga panaima mayi wina akukonza mpango wake. Ndinati, "Pepani amayi, tandisenzetsaniko."

"Kodi pakamwapo pamatseguka?"

Mawuwo ndinawadziwa. Anali Abiti Jafali. Koma kwathu ngakhale munthu mutayambana naye, akati ndisenzetse sukana. Anagwira mbali imodzi, ine inayo, beseni n'kukhala pankhata.

Ndinaponda kamodzi, kawiri. Kachitatu moto unachoka m'khosi n'kutsika m'manja onse awiri mpaka m'zala, miyendo n'kusanduka phala. Ndinafuna kukweza manja kuti ndigwire beseni, manja osakwera. Ndinafuna kunena kuti ndituleni, mawu asanatuluke kulemera konse kunachoka pamutu. Abiti anali akubwera m'mbuyo mwanga ndipo anaona mmene mawondo anga anapindikira. Anaika beseni pansi, n'kundikhazika pa thumba lawo la mpunga.

Manja anga anali pamiyendo panga ngati a munthu wina. Ndinauza chala chachikulu kuti chigwedezeke, sichinamve. Mantha amene ndinachita pamenepo sindinawachitepo, ngakhale tsiku limene bwato la achimwene anga ena linachedwa kubwera kunyanja kuli mphepo ya mwera. Ndinaganiza za a Banda akundidyetsa ndi supuni, mwana wanga wamkazi akundisambitsa, zonsezi chifukwa cha usipa. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo samvayo ndinali ine.

Ndinaulula zonse, za mafupa, za dokotala, za kalata. Abiti anatsegula chikwama changa kuti aone kalatayo, n'kupezamo kolala. Anaitulutsa n'kuiyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine.

"Wallahi, mayi inu. Ine ndakunenani njira yonse kuchokera ku Chipoka, inu muli duu, chinthu ichi chili m'chikwama? Ndiye mwandisenzetsanso tchimo, ndakutwikani katundu ndi manja angawa. Mukanafera pano ndikanati chiyani kwa Allah?"

Anandiveka kolala uku akukalipa, n'kuyamba kunditikita manja kuyambira m'zigongono mpaka m'zala. Anthu a m'minibasi mwathu, omwe aja ankaseka, anatizungulira. Bambo wina, mphunzitsi wa ku Mtakataka, anawoloka kukauza dalaivala wa tsidya kuti asayerekeze kunyamuka. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Chala chachikulu cha kumanja chinagwedezeka, kenako chamkombaphala, kenako dzanja lamanzere linayamba kubaya ngati singano. Abiti anati alihamdulillahi, ine ndinati zikomo Ambuye, aliyense m'chinenero cha kwa Mulungu wake. Za chinangwa zija anapepesa ndi mawu awiri okha, nanenso ndinapepesa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kuwoloka kunali nkhani ina. Mphunzitsi uja anatenga thumba la mpunga paphewa. Abiti anatola nkhata yanga ija, n'kusenza beseni langa kukalisiya tsidya, n'kubwereranso kudzatenga ine. Munthu wovala kolala saona mapazi ake, ndipo matabwawo anali onyowa, pansi pake madzi ofiira akuthamanga. Abiti anaima kutsogolo kwanga, n'kundigwira m'mikono yonse iwiri, n'kumayenda chafutambuyo. Ankandiuza poponda, wamanja patsogolo pang'ono, wamanzere ubwere pomwepo, apa pali msomali mutalikitse. Ndi pamatabwa pamenepo pamene ndinawaona nkhope bwinobwino. Ndinkayesa ndi chimayi chachikulu malinga ndi mawu aja, koma anali kamunthu kochepa, kondiposa zaka, kovala mpango wobiriwira, dzino limodzi lakutsogolo palibe. Anati ndiziyang'ana pa dzino losowalo ndisamaganize za madzi.

M'minibasi ya tsidya, mpando wa kuseri kwa dalaivala unali utatengedwa ndi bambo wina wa tayi amene ankati wafika kale. Abiti sanakangane naye. Anangomufunsa mofatsa, anthu onse akumva, ngati mayi ake akadali moyo ndiponso ngati ali ndi khosi. Bamboyo anasuntha yekha. Ine ndinakhala pamenepo, Abiti n'kukhalanso kumbuyo kwanga.

Msewu wochoka pamenepo kupita ku Chingeni mvula inali itaudya. Pena phula linatheratu, pena tinkapatukira m'njira yafumbi imene inali matope okhaokha. Dzenje loyamba linandigwedeza mpaka ndinabuula, kolala ili pakhosi pomwepo. Ndinangomva manja awiri akundigwira mutu, lina khutu ili lina khutu ilo. Abiti anali atatsamiritsa zigongono pa mpando wanga, mutu wanga uli m'zikhatho zawo ngati dzira. Galimoto ikadumpha, iwo ankadumpha nayo, mutu wanga uli pomwepo. Manjawo ankanunkhira chinangwa ndi sopo.

Dalaivala uyu anali wothamanga, koma Abiti anamuuza kuti mdzukulu wawo wabadwa kale, palibe chothamangira. Okhala kutsogolo anayamba kumuonetsa maenje asanawafike, ndipo akalakwitsa minibasi yonse inkamudzudzula. Cha ku Sharpevale ndinamva manja aja akunjenjemera ndi kutopa. Mayi wina anati alandireko, Abiti anakana, ati mutuwu auzolowera kale, wina angaugwire mokhota. Nthawi ya swala ya madzulo itakwana ndinawauza kuti andisiye apemphere. Anati adzabweza akafika, Allah akuona kuti manja ali pantchito.

Tinacheza njira yonse, iwo akulankhulira kunkhongo kwanga komwe kuja. Anandiuza za mpunga wawo, za mkamwini wawo wa ku Lunzu amene amati ndi wabwino koma waulesi pakudzuka. Ine ndinawauza za a Banda ndi lumbiro limene ndinaswa. Anaseka nati amuna akanena zoona kamodzi pachaka tiziwamvera, chifukwa sizichitikachitika. Anandifunsa chimene ndidzachite ngati kusenza kwatha. Ndinati sindikudziwa, mutu ndiwo unali munda wanga. Anati wilibala ilipo, njinga za kabaza zilipo, koma manja sagulitsa pamsika uliwonse.

Pa Chingeni tinalowa msewu waukulu wosalala, ndipo anandisiya pang'onopang'ono. Ndinamva akuwongola zala zawo, zikulira. Pa Zalewa apolisi anasuzumira n'kufunsa za m'beseni, anthu atatu anayankha pamodzi kuti ndi usipa wa odwala. Tinafika pa Lunzu kukuyamba kuda.

Ndinapempha kondakitala kuti amasule chiguduli awatapire Abiti usipa. Iwo anakana, ati sanagwire ganyu. Ndinati si wanu, ndi wa mayi wobereka uja amwere msuzi, mkaka ubwere. Pamenepo analola, n'kutchera mpango. Atatsitsa thumba lawo sanatsanzike pawindo la m'mbali monga achitira anthu. Anazungulira mpaka kutsogolo kwa galimoto, n'kuima pamene maso anga akanawapeza popanda kucheuka.

"Insha Allah manjawo achira. Koma mukakasenzanso, ine ku Chipoka ndikamva."

Minibasi inanyamuka. Nambala ya foni sitinapatsane, m'piringupiringu monse muja palibe anaganizako.

Ku depoti ku Blantyre alamu anali akudikira, nkhawa ili pankhope. Ataona beseni anagwira pakamwa nati ndavutikiranji, usipa wadzaza mumsika wa Ndirande, wochokera ku Salima komweko. Ndinaseka mpaka khosi linandikumbutsa kuti lilipo.

M'mawa mwake alamu anandiperekeza kuchipatala. Dokotala wake anali bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anandivula kolala nati ndiyang'ane kumanja, kumanzere, kudenga, pansi, uku akuona pamene mutu ukulekezera. Sunkapita patali. Anandiyendetsa pamzere, anandipatsa batani kuti ndimange, anandifunsa ngati posachedwapa ndagwapo kapena kunyamula cholemera. Alamu anayankha msanga kuti ayi. Ine ndinati eya, dzulo, ndipo ndinafotokoza zonse, kuyambira nkhata mpaka manja a Abiti Jafali. Dokotalayo anavula magalasi. Sanandikalipire. Anangonditumiza ku makina aja amakulowetsa ngati m'mphanga.

Masana anatiitananso. Zithunzi zinali pagalasi lowala, ndipo anandionetsa pamene mtsempha uja wapanikizika, popyapyala ngati ulusi. Kenako ananditambasulira zala zake ziwiri nati ndifinye ndi mphamvu zanga zonse. Ndinafinya ndi lamanja, ndinafinya ndi lamanzere, mano nditaluma.

"Basi, mayi, mungandithyole," anatero. "Opaleshoni ikufunika, ndipo kusenza ndiye mwatsanzikana nako. Koma mtsemphawu ukadali moyo. Mukanayenda ndi beseni lija mpaka tsidya, kapena mutu ukanamagwedezeka msewu wonse uja, bwenzi tikukamba zina. Manja awa tiwapulumutsa."

Ndinafuna kuthokoza, koma anthu oti ndiwathokoze anandichulukira nthawi imodzi: dokotalayo, a Banda, mphunzitsi wa ku Mtakataka, dalaivala amene tinamusandutsa kamba, ndi kamayi ka ku Chipoka kamene kanandinyoza theka la ulendo n'kundinyamula mutu theka linalo. Misozi inabwera. Munthu ukafuna kulira pagulu umawerama kuti ubise nkhope, koma ine kuwerama sindikanatha. Ndinangolira choncho, mutu uli chilili, nkhope ili poyera, dokotala ndi alamu ndi anamwino akundiona, ndipo sindinachite manyazi.